Madzi a Apongozi

Ku Nsamala anthu ankati lole ya Che Usumani imafika kawiri: poyamba pamphuno, kenako m'makutu. Inkanyamula matemba ndi milamba youma kuchokera ku Chiuta, kudzera ku Chikweo, n'kuwoloka Shire pa pantoni ya ku Liwonde mpaka ku Balaka kumene kunkadutsa sitima. Woyendetsa wake anali Chande, Myao, Msilamu, mnyamata wamtali wosachulutsa mawu.

Martina anamudziwira pamaliro. Bambo ake, a Lyford, anamwalirira kuchipatala cha mishoni m'nyengo ya mvula. Chande anapeza mayi ndi mwana atakhala m'mbali mwa msewu, mtembo uli m'mphasa, akudikira amuna akumudzi kuti abwere ndi machira. Anaimitsa lole, nasuntha madengu a nsomba, nanyamula malirowo mpaka pakhomo. Sanadikire kuthokozedwa.

Mmene mayi a Martina ankamaliza kulira, mnyamatayo anali atayamba kuima pachitsime cha mudziwo kawirikawiri kuposa mmene lole imamvera ludzu, ndipo aliyense anali atadziwa chifukwa chake. Apa mwambo unalowa pakati. Mzimayi salankhula ndi mwamuna amene akufuna mwana wake. Akamuona akubwera, amapatukira kutchire. Choncho zikomo uja anatsalira m'kamwa mwa mayiwo, ndipo m'malo mwake munkatuluka zina: zakuti ndi Msilamu, zakuti amanunkha nsomba, zakuti abambo akutchalitchi adzati chiyani.

* * *

Loweruka lina Martina ananyamula zochapa kupita ku Rivirivi, ngakhale kuti zovalazo sizinali zakuda kwenikweni. Anapeza lole ili pansi pa mkuyu, boneti atayitsegula mbali zonse ngati nkhuku yoyanika mapiko. Chande anali atakhala pamwala, manja ali pamaondo.

"Kodi udalaivala ndi umenewu? Kukhala pansi n'kumayang'ana chitsulo?"

"Ndikudikira chizizire, Abiti Lyford," anatero Chande. Ankamuitana choncho, mwa Chiyao, ndi dzina la bambo ake, ndipo Martina anali asanamuletsepo.

"Madzi si awa? Thirani chizizire msanga."

"Iyayi. Tabwerani kuno." Anamugwira dzanja naliyandikitsa pa injini osakhudzitsa. Kutentha kunamenya chikhatho. "Mphika wadothi mutangouphula pamoto, mukauthira madzi apachitsime umatani?"

"Umang'aluka."

"Basi. Ichi n'chimodzimodzi, kungoti mphika uwu mwini wake ndi Che Usumani."

Martina anachapa pang'onopang'ono, maso ali kulole. Chitsulo chitazizira, Chande anayamba wamasula waya wa batire. Kenako anatenga chidutswa cha chubu chakale nakulunga kabokosi kamene mawaya a moto amatulukira, n'kumanga ndi luzi. Pakamwa polowera mphepo anatsekapo ndi nsanza. Atatero anathira palafini m'kachitini, naviika mswachi wa kamtengo kotafuna, nayamba kukwecha oyilo wakale amene anaumbana ndi fumbi la ku Chikweo. Madzi ankatunga ndi chikho, n'kumawathira pang'onopang'ono kudzera m'zala, mozemba mawaya, kenako n'kupukuta.

"Mukuisambitsa ngati khanda," anatero Martina.

"Khanda limalira mukalakwitsa. Iyi imangokhala chete, n'kukakufera pakati pa dambo."

"Nanga n'kutsukira mkati momwe? Amalume akasuzumira mmenemo?"

Mawa lake ndi tsiku limene Chande ankapita ndi nkhoswe yake, Che Bakari, kukaonekera kwa a Jasten, amalume a Martina. Che Usumani anali atamubwereka lole ya tsiku limenelo.

"Amayi anu akuti ndimanunkha," anatero Chande osadzutsa mutu. "Chipembedzo sindingachisinthe pofika mawa. Koma fungo ndingayese."

Martina anaseka, kenako kuseka kunamuthera. "Elliam anabweranso dzulo. Anawabweretsera shuga."

Elliam anali mwana wa mphunzitsi wa katekisimu. Anali atangobwera kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito m'galaja ya magalimoto, ndipo anabwerako ndi njinga, chipewa, ndi chizolowezi choyankha mafunso amene sanafunsidwe. Mayi a Martina ankamutchula mwana wa m'nyumba.

"Njinga yake ndamva kuti ili ndi belu," anatero Chande.

"Lole yanu ili ndi hutala."

"Hutala inafera ku Ntaja chaka chatha."

"Ndiye muzidzangonunkha, ndidzadziwa kuti mwafika."

Chande anadzutsa mutu. Pamphumi pake panali oyilo. Martina anafuna kumupukuta, koma tsidya lina kunali azimayi awiri amene anali atasiya kuchapa kalekale.

* * *

Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, a Jasten anayalitsa mphasa pabwalo. Martina anamulowetsa m'nyumba ndi lamulo lakuti asatuluke mpaka ataitanidwa. Anakhala kuseri kwa chitseko cha bango, diso lili pampata. Ankaona mphasa yonse, koma mtengo wa mango umene unali kuseri kwa nkhokwe sankauona.

Alendo anachedwa. Lole inali itatitimira mumchenga pakhwawa, ndipo Chande anaikakamiza mpaka inatuluka ikuwira. Inafika ikupuma ngati ng'ombe yothamangitsidwa, fumbi litakwirira ntchito yonse ya dzulo. Anaiimika pansi pa mango, natsegula boneti kuti ipume, ndipo asanapukute n'komwe manja anali atamukhazika pamphasa, moyang'ana kumene kunali lole. Anthu anaunjikana patali. Pakati pawo panali Elliam, atatsamira njinga yake.

Che Bakari, mkulu wa ndevu zoyera ndi kofia, anaomba m'manja. "Tambala wathu uyu wakhala akulira moyang'ana kuno. Tati tidzaone ngati kuli msoti."

"Misoti ilipo," anatero a Jasten. "Koma tambala wanuyo amadzuka m'mamawa kulira za kumzikiti. Kuno timalira za kutchalitchi."

Zimenezi anazinena kamodzi kokha, monga munthu amene wakwaniritsa udindo. Kenako anafunsa ngati loleyo imanyamulanso thonje, ngati mwini wake amalola kuti izipatuka panjira, ndiponso ngati mkamwini woyendetsa lole angaiwale munda wa amalume pa nthawi yokolola. A Jasten anali ndi munda waukulu wa thonje ndi msana wopweteka. Martina anaona kuti zinthu zikuyenda bwino kuposa mmene ankayembekezera.

Ndipo anaona nkhope ya Chande ikusintha.

Maso ake anali atapitirira phewa la a Jasten. Anatsegula pakamwa. Ananyamuka pang'ono, koma dzanja la Che Bakari linatsikira pabondo pake n'kumukhazika. Akulu akulankhula, wofunsira mbeta sasuntha. Chande ananong'ona kanthu. Che Bakari anapukusa mutu osamuyang'ana. Kenako Martina anaona Chande akutseka pakamwa yekha, pang'onopang'ono, naweramitsa mutu.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka phokoso ngati la nkhuni yamoto yoviikidwa m'madzi. Nthunzi inakwera kupitirira denga la nkhokwe. Ana anakuwa mokondwa. Phokosolo linabweranso, lalitali kuposa loyamba, ndipo mkati mwake munamveka kamawu kamodzi kouma, kakang'ono: the!

A Jasten anacheuka namwetulira. "Achemwali anga akukusambitsirani galimoto. Mwaona? Kuno alendo timawalandira ndi madzi."

* * *

Mayi a Martina analowa m'nyumba mikono ili yonyowa mpaka m'zigongono. Anaika mtsuko pansi nakhala pafupi ndi mwana wawo. Pankhope pawo panali kumwetulira kwamanyazi kumene Martina anali asanakuone chimwalirireni bambo ake.

"Mkati monsemo munali fumbi lokhalokha," anatero motsitsa mawu. "Ndathira mitsuko iwiri, yapachitsime, yozizira bwino. Ndati kulankhula naye sindingathe, koma manja ndili nawo." Anapukuta mikono ndi nsalu. "Ananyamula bambo ako, Martina. Pamvula paja. Sindinaiwale."

Martina anagwira dzanja la mayi ake. Linali lozizira.

Atamuitana kuti adzanene ngati akumudziwa mlendoyo, anagwada navomera. A Jasten anati yankho lidzatumizidwa akakambirana pabanja, koma analinena ndi mawu a munthu amene wayamba kale kuwerengera thonje lake pa lole.

Chande anapita pansi pa mango. Anamasula mapulagi limodzilimodzi nawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya ake oyera. Anaumitsa mawaya. Anapukusa hendulo yolizira injini mpaka thukuta linamutsika m'khosi, ndipo injini italira inalira motsokomola, utsi woyera ukutuluka kumbuyo. Asanakwere, anatembenukira kunyumba kumene mayi a Martina anabisala, nagwada bondo limodzi, naomba m'manja.

"Sikomo," anathokoza mwa Chiyao, molunjika kukhoma, monga mwambo umalolera.

Kuseri kwa khomalo mayi a Martina anaphimba pakamwa ndi nsalu. Anali akulira ndi chimwemwe.

* * *

Sabata inatha lole osadutsa. Mphuno za ku Nsamala zinapuma, ndipo pakamwa panayamba ntchito. Martina ananena kuti mchere watha m'nyumba, nauyamba ulendo wapansi wopita ku Balaka.

Lole anaipeza kuseri kwa nyumba ya Che Usumani, itakhala pamiyala, mutu wa injini uli pachiguduli. Chande anali atakhala pamthunzi wa mpanda, kunja kwa bwalo, pambali pake pali kamtolo ka zovala.

"Abiti Lyford. Mwayenda pansi?"

"Ndionetseni."

Anamutengera pampanda naloza. Pachitsulocho panali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. "Madzi analowa mu oyilo. Mmene timafika pano, oyilo anali atayera ngati thobwa. Che Bakari anatsika panjira n'kumakankha, ndevu zonse zija."

"Ndiye a Usumani akuti chiyani?"

"Akuti chitsulo china chichokera ku Limbe, ngati chipezeka. Akuti dalaivala wina achokeranso komweko."

"Munawauza kuti ndani anathira?"

"Ndinawauza kuti ndine. Ndinati ndinali pachangu chokaonekera kwa apongozi."

"Koma anthu anaona!"

"Anaona mayi akutsuka galimoto. Pamudzi ponse paja ndani akudziwa kuti madzi amapha injini? Che Bakari ndawapempha, sanena."

Martina anamva mkwiyo ukumukwera, ndipo popeza panalibe wina woti aulandire, anaupereka kwa Chande. "Munali ndi pakamwa. Ndinakuonani. Munatsegula n'kutsekanso. Mawu amodzi okha, a Chande! Mukanangoti iyayi!"

"Ndikuwe? Ine, mlendo, pamphasa ya amalume anu, ndikalipire apongozi pamaso pa mudzi wonse?" Anayang'ana pansi. "Komanso si mwambo wokha. Che Bakari atandigwira, ndikanatha kuchotsa dzanja lawo. Koma ndinaona nkhope ya amayi anu. Kuyambira tsiku la maliro lija, nthawi zonse ndimangoona msana wawo ukulowa m'tchire. Tsiku limenelo anayang'ana kumene ndinali, mtsuko uli m'manja, akumwetulira. Mtsuko woyamba unali utayamba kale kupendekeka. Ndinati kaya chitsulo chipirira."

"Sichinapirire."

"Iyayi."

Kusiteshoni sitima inaliza mluzu. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anadutsa, nawayang'ana, nachedwetsa mapazi.

"Ndikawauza amalume zoona," anatero Martina.

"Mukawauza, pofika madzulo akhala atadziwa onse. Adzawapekera nyimbo pamtondo: wamasiye amene anapha lole ndi mtsuko. Ana adzawatsatira nayo kuchitsime mpaka adzakalambe. Ndipo iwowo adzadziwa kuti zikomo wawo ndi amene anandichotsa ntchito. Mukufuna adzandiyang'ane bwanji moyo wonse?"

"Apongozi sayang'ana mkamwini."

Chande anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Musawauze, Martina."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina lake lenileni, ndipo Martina anadana nako.

"Mupita kuti?"

"Ku Chiuta. Amalume anga ali ndi bwato. Nsomba zomwe zija, kungoti tsopano ndizizigwira zili zamoyo." Ananyamula kamtolo. "Mvula ikadzatha ndidzafunafuna lole ina. Alipo Amwenye ku Zomba amene amafuna madalaivala. Inshallah."

"Amalume sadikira mvula."

"Nanga inu?"

Martina anatambasula dzanja napukuta pamphumi pake, pamene panalibe oyilo aliyense, wogulitsa zitumbuwa akuonerera. Kenako anatembenuka. Anali atayenda mtunda ndithu pamene anakumbukira kuti mchere sanagule.

* * *

Mbiri inali itamutsogolera. Anapeza a Jasten atakhala pakhonde, mayi ake ali pansi akuswa mtedza.

"Wamva za dalaivala wako?" anatero a Jasten. "Wapha galimoto ya eni ake ndi changu. Wavomera yekha. Munthu wolephera kusamala chitsulo angasamale mwana wa munthu?"

"Amalume, lole si imene imakwatira."

"Taona pakamwa! Ine ndinatseka diso limodzi pa nkhani ya mzikiti chifukwa ndinaona mnyamata wa ntchito. Tsopano nditsekenso lachiwiri? Ndikayankha chiyani kwa abambo akutchalitchi, kuti ndapereka mwana kwa Msilamu wopalasa bwato?" Anaimirira atagwira msana. "Che Bakari ndawatumizira mawu. A kwa Elliam akubwera Lamulungu. Amenewo ndi anthu odziwika, sitifunika kuwafunsa zambiri."

Atachoka, pakhomo panangotsala phokoso la makoko a mtedza. Martina anakhala pansi nayamba kuthandiza.

"Ndinayamba kumukonda, mnyamata uja," anatero mayi ake. "Usaganize kuti mtima wanga ndi mwala. Ndinapita kukaulula kuti ndamukonda, abambo akutchalitchi anandipatsa kolona yathunthu yoti ndipemphere." Anatsonya pang'ono. "N'chifukwa chiyani anachita changu? Galimoto ndinali nditamutsukira kale bwinobwino. Ankafunanso kuthira chiyani?"

Martina anaswa khoko la mtedza mwamphamvu mpaka njere inaphwanyika. Mawu anali pa lilime. Anayang'ana manja a mayi ake, manja amene anakulunga mtembo wa bambo ake m'mphasa, ndipo anameza.

"Kaya, amayi."

"Ngakhale Elliam wadabwa. Akuti madalaivala a kuno ndi ophunzira pamsewu. Mwana wabwino, Elliam uja, wopanda nsanje. Ukudziwa kuti ndi iyeyo anandithandiza tsiku lija?"

Manja a Martina anaima. "Anakuthandizani chiyani?"

"Ine ndimangofuna kupukuta magalasi ndi kansanza, ndimaopa kukhudza zamkati. Iye anandipeza ndikuchokera kuchitsime, ananditula mtsuko. Akuti, amayi, ngati mukufuna kumulemekeza mlendo wanu, galimoto imamva kukoma mukaithira mkatimo, pachitsulo penipeni, ikadali yotentha. Akuti fulumirani isanazizire, ku Halale timatero. Mpaka mtsuko wachiwiri anakanditungira yekha." Anapukusa mutu mosirira. "Munthu wofuna mkazi yemweyo, koma n'kuthandiza mnzake. Amadziwa za magalimoto, mwana uja."

"Inde," anatero Martina. "Amadziwa."

Kunjira kunamveka belu la njinga, kawiri, mwaulemu. Mayi a Martina anadzuka msangamsanga, nakutumula makoko pansalu yawo. Anayang'ana kunjira, kenako kukhomo la nyumba. Mpaka dzulo Elliam anali mwana wa m'nyumba. Kuyambira lero anali munthu woti azimuthawa.

"Ndi iyeyo. Ine sindingaonekenso," ananong'ona akulowa. "Wachokera kutali ndi dzuwa limeneli, watenthedwa. Tenga madzi ukamulandire."

Mtsuko uja unali pakhonde, wodzaza, wovundikira ndi mbale. Martina anachotsa mbaleyo naviika chala. Madzi anali apachitsime, ozizira bwino. Chikho chomwera chinali pomwepo, koma anachisiya. Ananyamula mtsuko wonse ndi manja awiri, natsika pakhonde kupita kumene belu linkalira.